Za Asungwana a pa Mvera

Pamene Abusa A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok anamanga msasa wao m'dziko la mfumu Ciwere m'caka ca 1889, amene anayamba kudza ku sukulu ndiwo anyamata. Asungwana anatsala pamtondo. Sitiwadzudzula makolo aja, pakuti pakati pa Acewa mwana wamkazi ndiye tsinde la mudzi: mwamuna amadza kucikamwini, ndipo ana obadwa ali a mbumba ya mai wao. Kupereka msungwana kwa alendo kunali monga kubwereketsa mbeu za caka camawa. Anamkungwi naonso anaopa kuti cinamwali cidzatha.

M'caka ca 1893 anafika Dona Martha Murray, ndipo m'caka ca 1895 inatsegulidwa nyumba ya asungwana pano pa Mvera. M'menemo anaphunzira kuwerenga ndi kulemba, kusoka, kuphika ndi kulera ana. Tibvomereze kuti amishoni anafuna makamaka kukonzera aphunzitsi ndi alaliki akazi acikristu. Za utsogoleri wa akazi sanaziganizira kwambiri. Koma munthu ukampatsa kuwerenga, sungathe kumuikira malire a zimene adzawerenga.

Tsono taonani cimene cinacitika. Anyamata ambiri, atadziwa kulemba, anatenga ulendo wa ku Halale ndi ku migodi ya ku Johannesburg, kukafuna ndalama za msonkho. Ena anabwera patapita zaka, ena anasanduka macona. Msungwana sanacoka. Iye anakhala pamudzi pa mai wace, ndi buku lace m'dengu, ndipo madzulo ana anamva Mau a Mulungu pakamwa pace. Pamene Buku Lopatulika lonse linatuluka m'caka ca 1922, linapeza akazi okhoza kulitsegula. Mwa iwo Mpingo unasankha alangizi, kuti anamwali acikristu asasowe mwambo pakuleka cinamwali ca kumudzi. Ndipo m'caka ca 1940, poyamba Cigwirizano, anapezeka amai odziwa kutsogolera mapemphero, kulemba maina ndi kusunga copereka. Nchito ya kuyendera odwala ndi kutonthoza amasiye inagwa m'manja mwao. Komabe m'bwalo la akulu a Mpingo mpando wao unacedwa, ndipo ici ticinena ndi manyazi.

M'caka ca 1994 boma linacotsa malipiro a sukulu za pulaimale, ndipo m'caka ca 2017 malamulo akuru a dziko anakonzedwa kuti mwana wosafika zaka 18 asalowe m'banja. Cinkana ziri conco, inu alaliki mudziwa kuti m'kalasi loyamba asungwana adzaza mabenchi, koma pofika kalasi lacisanu ndi citatu ambiri saoneka. Wina wacoka ndi pakati, wina alera ang'ono ace, wina malume wace wampezera mwamuna. Tikupemphani kuti poyendera midzi mwezi uno mutenge kaundula wa sukulu ya Sande, nimufunse dzina ndi dzina kumene ali, poyamba kwa mai, pambuyo pace kwa malume.