Mtopola wa Pakamwa ndi Kubwezera pa Masewero a Mpira

Mtopola wa pakamwa ndi mchitidwe wonyoza kapena kutukwana mnzako wa timu ina mwadala, ndi cholinga choti apse mtima, asokonezeke maganizo, mwinanso alakwitse mpaka atulutsidwe m'bwalo. Woputayo amalankhula motsitsa mawu kuti oyimbira asamve, koma wobwezera amachita poyera, anthu onse akuona. N'chifukwa chake chilango chachikulu chimagwera kawirikawiri amene waputidwa.

Tiyenera kusiyanitsa mtopola ndi nthabwala. Pamwambo wathu asuweni amaseleulana, adzukulu nawo amanena zoseketsa pamaliro, ndipo palibe amene amakwiya chifukwa onse amadziwa malire. Koma mawu okhudza mayi wa munthu, mlongo wake, chilema chake kapena mtundu wake, amalasa pamene munthu sangathe kuseka.

Zimene malamulo amanena

Lamulo la nambala 12 la mpira wamiyendo limaika zolakwa ziwirizi pa muyeso umodzi. Wosewera amene walankhula zotukwana kapena zachipongwe ayenera kupatsidwa kadi yofiira, chimodzimodzi amene wamenya mnzake. Wotulutsidwayo salowedwa m'malo, ndipo timu ikatsala ndi osewera osakwana 7, masewero sapitirira.

Zitsanzo zodziwika

Pa 9 July 2006, mu mzinda wa Berlin, France inkalimbirana chikho cha dziko lonse ndi Italy. Zinedine Zidane anagoletsa chigoli cha France, Marco Materazzi n'kubweza. Pa mphindi ya 110, Materazzi ananena mawu onyoza mlongo wa Zidane, monga anadzavomerera yekha pambuyo pake. Zidane anatembenuka n'kumugunda ndi mutu pachifuwa. Oyimbira, Horacio Elizondo, anamutulutsa, ndipo Italy inapambana pa mapenate 5 kwa 3. Awa anali masewero ake omaliza. Bungwe la FIFA linalanga onse awiri: Zidane masewero atatu, Materazzi awiri, kuphatikizapo chindapusa.

Pa 25 January 1995, Eric Cantona wa Manchester United, atatulutsidwa m'bwalo la Selhurst Park ku London, anadumphira ndi kumenya theche wochemerera Crystal Palace amene ankamutukwana. Analetsedwa kusewera miyezi 8, ndipo khoti linamulamula kugwira ntchito yothandiza anthu kwa maola 120. Chaka chimenecho timu yake inaluza ligi kwa Blackburn Rovers ndi pointi imodzi yokha.

Kwathu kuno, mu December 2013, masewero a Silver Strikers ndi Mighty Wanderers pa bwalo la Balaka anathera panjira chifukwa cha ziwawa za ochemerera, ndipo munthu mmodzi anataya moyo. Apa tikuona kuti mkwiyo ukafalikira m'khamu, chotayika chimaposa chikho.

Tanthauzo lake kwa ife a ku Mitundu ndi ku Nathenje

Anyamata athu amaonera mpira wa ku Ulaya m'nyumba za kanema pa misika ya Mitundu ndi Nathenje, ndipo amatengera zonse, luso ndi khalidwe lomwe. Koma pali kusiyana kumene saganizira. Zidane anatuluka m'bwalo lotetezedwa ndi apolisi. Pa mabwalo a sukulu ndi a m'midzi palibe mpanda, ochemerera amaima pamzere penipeni, ndipo oyimbira amakhala yekha ndi wezulo yake. Chibakera chimodzi chikhoza kuutsa midzi iwiri imene mawa lake idzakumana pa chigayo, pa msika ndi pamaliro. Komanso kumenya munthu m'bwalo la mpira ndi mlandu kupolisi, monga mmene zilili kwina kulikonse.

Pali njira zingapo zopewera. Okonza mpikisano agwirizane ndi mafumu komanso atsogoleri a matimu masewero asanayambe, kuti timu idzayankha pa khalidwe la ochemerera ake. Oyimbira alange wotukwana pa nthawi yomweyo, asadikire kuti wina abwezere. Aphunzitsi a matimu auze osewera momveka kuti woputa amafuna chinthu chimodzi, chomwe ndi kadi yofiira ya mnzake, ndipo wobwezera amamupatsa chimene akufunacho. Wosewera amene watukwanidwa akanene kwa kaputeni kapena kwa oyimbira, kenaka abwerere pamalo pake.

Akuluakulu anati lilime lilibe fupa. Ife makolo amene timaima m'mbali mwa bwalo tiyambe ndife kusamala zonena zathu, pakuti ana amene amatola mpira kuseri kwa golo amamva zonse.