Malo Odyera a Amwenye ndi Matchaina mu Mzinda wa Johannesburg

Johannesburg, mzinda womwe anthu ambiri a ku Malawi, Zambia ndi Mozambique amangoutchula kuti Joni, uli ndi madera atatu odziwika ndi zakudya za ku Asia. Maderawa ndi Chinatown yakale ya mumsewu wa Commissioner, Fordsburg kumadzulo kwa mzindawu, ndi Cyrildene kummawa. Si ophika kapena odya amene anasankha kuti malo odyerawa akhale pomwe ali. Malamulo a tsankho ndiwo ankalamula komwe munthu wa ku Asia angakhale ndi kuchita malonda, ndipo malamulowo atatha, alendo atsopano anabwera ndi maphikidwe awo. Choncho mlendo wodziwa mbiri ya dera lililonse amadziwiratunso chakudya chomwe akapezeko.

Chiyambi

Mzindawu unayamba mu 1886 golide atapezeka m'dera la Witwatersrand. Chaka chimodzi izi zisanachitike, mu 1885, boma la Transvaal linali litakhazikitsa kale lamulo loletsa anthu a ku Asia kukhala ndi malo awoawo kupatula m'misewu ndi m'madera omwe boma lawapatsa.

Amwenye ambiri amene anafika ku Johannesburg anali amalonda ochokera ku Gujarat, Asilamu ndi Ahindu, omwe anadzilipirira okha ulendo. Anali osiyana ndi anzawo a ku Natal, omwe anayamba kufika mu 1860 kudzalima nzimbe pa mgwirizano wa ntchito. N'chifukwa chake chakudya chotchuka cha bunny chow, chomwe ndi buledi wobooledwa pakati n'kuthiramo ndiwo za curry, kwawo ndi ku Durban, ngakhale chimagulitsidwanso ku Johannesburg. Amalonda ambiri a ku Limbe, Lusaka ndi Chipata nawonso makolo awo anachokera ku Gujarat, ndipo samusa ndi chapati si zachilendo kwa anthu a m'mizinda imeneyi.

Chinatown yakale

Dera limeneli lili kumapeto kwa msewu wa Commissioner chakumadzulo, ku Ferreirasdorp, komwe kunali umodzi mwa misasa yoyamba ya okumba golide. Ndi dera laling'ono, la nyumba zowerengeka. Anthu ake anachokera kummwera kwa China, m'chigawo cha Guangdong, ndipo ambiri anali a masitolo. Iwowa si mbadwa za Matchaina oposa 60,000 omwe anabweretsedwa kudzagwira ntchito m'migodi kuyambira mu 1904, pakuti amenewo anali atabwezedwa kwawo pofika mu 1910.

Maphikidwe a kuno ndi a Chikantoni. Sagwiritsa ntchito tsabola wambiri, koma amadalira jinja, adyo, anyezi ndi msuzi wa soya. Nsomba amaiphika ndi nthunzi, bakha ndi nkhumba amawotcha mpaka khungu litauma, ndipo masamba amangowakazinga pang'ono pa moto waukulu kuti asafote. Malo odyera a Swallows Inn anatchuka kwa zaka zambiri ndi chakudya chotere, pomwe sitolo ya Sui Hing Hong, ya banja la Pon, yagulitsa zokometsera ndi ziwiya za ku China kwa mibadwo ingapo.

Pafupi penipeni ndi malo odyerawa pali polisi yaikulu ya mzindawu, yomwe kale inkatchedwa John Vorster Square. Kumeneku ndi komwe mphunzitsi Ahmed Timol anafera ali m'manja mwa apolisi mu 1971, ndipo mu 2017 khoti linagamula kuti anachita kuphedwa. M'zaka za m'ma 1990 makampani ambiri anasamuka pakati pa mzinda kupita kumpoto, makasitomala anachepa, ndipo mabanja ambiri a Chitchaina anasamukanso. Lero derali lili ndi mbiri yochuluka kuposa malo odyera.

Kudya m'nthawi ya tsankho

Malo odyera a anthu a ku Asia ali ndi gawo m'mbiri ya ndale za South Africa. Mohandas Gandhi, yemwe anatsegula ofesi ya zamalamulo mumzindawu mu 1903, ankadya pamalo ena osaphika nyama, ndipo kumeneko ndi komwe anadziwana ndi Henry Polak ndi Albert West, omwe anadzakhala omuthandiza pa ntchito yake. Pa 16 August 1908, Amwenye anasonkhana panja pa mzikiti wa Hamidia n'kutentha ziphaso zawo za kalembera mumphika waukulu wachitsulo. Matchaina, motsogozedwa ndi Leung Quinn, anali nawo pa kukana lamulo lomwelo.

Lamulo la Separate Amenities la mu 1953 linalimbitsa tsankho m'malo opezekamo anthu onse, ndipo munthu wakuda sankaloledwa kukhala pansi n'kudya m'malesitilanti a azungu. Malo ena a Amwenye ankalandira aliyense. Otchuka mwa iwo anali Kapitan's, mumsewu wa Kort, kufupi ndi Chancellor House komwe Nelson Mandela ndi Oliver Tambo anali ndi ofesi yawo ya zamalamulo m'zaka za m'ma 1950. Mandela ankadya kumeneko kawirikawiri. Malowa anatsekedwa mwini wake atamwalira.

Fordsburg ndi Mayfair

Fordsburg inakhazikitsidwa mu 1888 ndipo poyamba munkakhala azungu ogwira ntchito m'migodi. Mu March 1922 asilikali a boma anaphulitsa mabomba pabwalo lake pothetsa kunyanyala ntchito kwa ogwira m'migodiwo. Bwalo lomwelo ndilo linadzasanduka msika wa madzulo.

Malonda a Amwenye sanali ku Fordsburg kwenikweni koma ku Pageview, dera loyandikana nalo lomwe eni ake ankalitcha Fietas, makamaka mumsewu wa 14th. Potsatira lamulo la Group Areas la mu 1950, boma linayamba mu 1956 kulengeza kuti Pageview ndi dera la azungu. Mabanja anasamutsidwira ku Lenasia, makilomita pafupifupi 30 kuchokera mumzinda, nyumba zambiri zinagwetsedwa, ndipo m'zaka za m'ma 1970 amalonda anakakamizidwa kulowa mu Oriental Plaza, chinyumba cha masitolo chomwe chinamangidwira iwo ku Fordsburg. Ambiri analowamo monyinyirika. Koma m'kupita kwa nthawi, masitolo oposa 300 a m'menemo anakopa ogula a mitundu yonse, ndipo ogula nsalu ndi makatani ankafuna podyera. Umu ndi momwe Fordsburg inakhalira likulu la chakudya cha Chimwenye mumzindawu.

Ulamuliro wa tsankho utatha mu 1994, kunafika anthu atsopano ochokera ku Pakistan, Bangladesh ndi India, komanso ku Egypt, Turkey ndi maiko ena. Malo odyera ambiri ali m'misewu ya Mint ndi Central. Zakudya zomwe mlendo amakumana nazo kawirikawiri ndi izi.

Biryani ndi mpunga wophikidwa pamodzi ndi nyama ya nkhosa, nkhuku kapena ng'ombe, yomwe imayamba yanyikidwa mu chambiko ndi zokometsera. Tikka ndi nkhuku yopakidwa tsabola n'kuwotchedwa pa makala, ndipo amadyera naan, buledi wopyapyala yemwe amamatidwa m'kati mwa uvuni wadothi. Dhal ndi chipere cha mphodza, tchana kapena nandolo. Nandolo yemweyo amene alimi a kummwera kwa Malawi ndi kumpoto kwa Mozambique amagulitsa kwa amalonda otumiza ku India. Dosa ndi chitumbuwa chachikulu chopyapyala cha ufa wa mpunga ndi mphodza, chochokera kummwera kwa India, chomwe amakulungiramo mbatata ya kachewere. Haleem ndi phala la tirigu, mphodza ndi nyama lomwe limaphikidwa kwa maola ambiri, ndipo limafunidwa kwambiri m'mwezi wa Ramadan. Pa zotsekemera pali jalebi ndi burfi, pomwe zakumwa ndi tiyi wa mkaka ndi zonunkhiritsa, madzi a nzimbe ofinyidwa pomwepo, ndi lassi wopangidwa ndi chambiko.

Malo ambiri a kuno ndi a halaal, kutanthauza kuti nyama ya nkhumba mulibe ndipo mowa sagulitsa. Alipo ochepa a Ahindu omwe saphika nyama n'komwe.

Kumadzulo kwa Fordsburg kuli Mayfair, komwe anthu a ku Somalia anayamba kukhazikika m'zaka za m'ma 1990, makamaka chakumsewu wa 8th Avenue. Mbale yawo imakhala ya mpunga kapena pasta, nyama ya mbuzi ndi nthochi yakupsa pambali. Amalawi ambiri, makamaka ochokera ku Mangochi ndi Machinga, amagwira ntchito m'masitolo ndi m'makhitchini a m'madera awiriwa, motero si zodabwitsa kumva Chiyao kapena Chichewa kuseri kwa kauntala.

Cyrildene

Cyrildene ili kummawa kwa mzinda, kufupi ndi Bruma, ndipo kale munkakhala mabanja ambiri a Chiyuda. Kuyambira m'zaka za m'ma 1990, msewu wa Derrick Avenue unadzaza ndi masitolo ndi malo odyera a Matchaina atsopano, omwe anachuluka kwambiri South Africa itakhazikitsa ubale ndi boma la Beijing pa 1 January 1998. Chipata chachikulu chomangidwa mwa Chitchaina chinatsegulidwa pamsewuwu mu 2013.

Anthu a kuno amachokera m'zigawo zosiyanasiyana za China ndipo ambiri amalankhula Chimandarini. Chakudya chawonso ndi chosiyanasiyana kuposa cha ku Commissioner. Maphikidwe a ku Sichuan ndi a tsabola woopsa, osakaniza ndi njere zina zomwe zimachititsa dzanzi lilime. Ngakhale wozolowera kambuzi amayamba walawa kaye. A kumpoto kwa China amadya kwambiri za ufa wa tirigu, monga ma noodles okokedwa ndi manja ndi timikate tophimbira nyama kapena masamba m'kati. Palinso hot pot, pomwe poto wa msuzi amawira pakati pa tebulo ndipo aliyense amadziviikira nyama, bowa ndi masamba ake. Dim sum ndi timbale ting'onoting'ono ta zophikidwa ndi nthunzi, tomwe timadyedwa ndi tiyi m'mawa mpaka masana. M'mbali mwa msewu amagulitsa masamba, kuphatikizapo ofanana ndi chainizi wa m'madimba a ku Malawi.

Zoyenera kudziwa

Kwa Matchaina, ndiwo zimaikidwa pakati pa tebulo ndipo onse amatapa momwemo, aliyense ali ndi kambale kake ka mpunga. Gulu la anthu anayi kapena asanu limadya bwino ndiponso motchipa kuposa munthu mmodzi. Wosatha kudya ndi timitengo akhoza kupempha supuni kapena foloko. Nyama ya nkhumba imalowa m'zakudya zambiri, ngakhale m'msuzi, choncho wosadya nkhumba afunse asanaitanitse.

Ku Fordsburg ndi Mayfair kudya ndi manja n'kololedwa, ndipo dzanja lake ndi lamanja. Lachisanu masana malo ambiri amatseka kwa kanthawi chifukwa cha mapemphero. M'mwezi wa Ramadan, womwe umafulumira ndi masiku pafupifupi 11 chaka chilichonse, ena satsegula masana koma amadzaza dzuwa likangolowa. Chaka chatsopano cha Matchaina chimagwa mu January kapena February, ndipo Diwali ya Ahindu mu October kapena November. M'masiku amenewa malo odyera amakhala odzaza.

Ndi chizolowezi ku South Africa kupatsa woperekera chakudya ndalama yothokoza ya pafupifupi 10 pa 100 iliyonse ya mtengo wa chakudyacho. Malo ang'onoang'ono ena amafuna ndalama yapamanja. Mlendo wochokera kunja ayende ndi chiphaso chake, asaonetse foni kapena ndalama pamsewu, ndipo ngati akufuna kuona Chinatown yakale apiteko masana.

Lamulo la Separate Amenities linathetsedwa mu 1990, ndipo la Group Areas mu 1991. Mu 2008 khoti lalikulu la ku Pretoria linagamula kuti Matchaina omwe anali nzika dziko lisanasinthe mu 1994 awerengedwe pamodzi ndi ena onse amene anaponderezedwa ndi tsankho. Wofuna kuona zomwe malamulowo anasiya sayenera kupita kutali: kuchokera ku Oriental Plaza ndi mtunda waufupi kukafika ku Pageview, komwe malo ena amene munali nyumba ndi masitolo a Fietas adakali apululu.