Mbiri ya Bowa Wotchedwa Chipewa cha Imfa

Mvula yoyamba ikagwa, nthaka ndi kufewa, bowa umatumphuka m'nkhalango ndi m'mbali mwa zulu, ndipo mabanja ambiri amayamba apumako pa vuto la ndiwo. Mwambo wozula bowa wakutchire ndi wakale kwambiri, ndipo umapezeka ku Afirika, ku Ulaya, ku Asia ndi ku Amereka komwe. Koma mwa mitundu zikwizikwi ya bowa ulipo umodzi umene wapha anthu ambiri kuposa mitundu ina yonse itaphatikizidwa pamodzi. Akatswiri a sayansi amautcha Amanita phalloides, pamene Angerezi amati death cap, kutanthauza chipewa cha imfa. Pa anthu khumi alionse amene amamwalira chifukwa chodya bowa padziko lapansi, pafupifupi 9 amakhala kuti adadya bowa umenewu kapena abale ake apafupi. Mbiri yake imakhudza mafumu, ana a sukulu, ndi anthu othawa nkhondo, ndipo ikusonyeza kuti ngozi yaikulu imabwera pamene munthu akukhulupirira kuti akudziwa chimene wazula.

Kwawo kwenikweni kwa bowawu ndi ku Ulaya, kumene umamera pansi pa mitengo ya oak ndi ina yofanana nayo. Chipewa chake n'chosalala, chobiriwira pang'ono kapena chachikasu, ndipo nthawi zina chimayera ndithu. Kunsi kwa chipewacho kuli mizere yoyera, pa tsinde pali mphete yofewa, ndipo m'munsi mwa tsindelo muli kathumba kamene kawirikawiri kamabisika m'dothi. Ukakhala waung'ono sununkha zoipa, ndipo amene adaudya ndi kupulumuka amati umakoma kwambiri. Apa mpamene pamakwanira mwambi wa makolo wakuti chikomekome cha nkhuyu m'kati muli nyerere.

Nkhani yakale yodziwika bwino yokhudza imfa ya bowa ndi ya Claudius, mfumu yaikulu ya Aroma, amene adalamulira kuyambira m'chaka cha 41 mpaka pa 13 Okutobala m'chaka cha 54. Aroma olemera ankakonda bowa wina wa chipewa chofiirira, umene lero umatchedwa Amanita caesarea, kutanthauza bowa wa Kaisara. Alembi a mbiri ya Aroma, Tacitus ndi Suetonius, adalemba kuti Claudius adadyetsedwa chiphe m'mbale ya bowa, ndi kuti amene ankaganiziridwa kuti adakonza chiwembucho ndi mkazi wake Agrippina. Mayiyu ankafuna kuti mwana wake Nero, amene adali ndi zaka 16, alowe ufumu m'malo mwa Britannicus, mwana wobereka yekha wa Claudius. Nero adalowadi ufumu tsiku lomwelo, ndipo Britannicus adamwalira chaka chotsatira. Patapita zaka mazana ambiri, katswiri wina wa ku Amereka, R. Gordon Wasson, adaganiza kuti chiphe cha m'mbalemo chidali chipewa cha imfa, pakuti bowawu ndi wa banja limodzi ndi bowa wa Kaisara ndipo ukaphikidwa pamodzi n'kovuta kuusiyanitsa.

Imfa ya Claudius idali ya chiwembu, koma ya Charles VI, mfumu ya ku Austria, imafotokozedwa ngati ya ngozi. Mu Okutobala 1740 mfumuyi idadwala itapita kosaka nyama kufupi ndi malire a dziko la Hungary. Zolembedwa za nthawiyo zimati matendawo adakula itadya bowa wokazinga m'mafuta, ndipo idamwalira mumzinda wa Vienna pa 20 Okutobala ili ndi zaka 55. Charles adalibe mwana wamwamuna. Kuyambira m'chaka cha 1713 adakhala akunyengerera mafumu anzake kuti adzavomereze mwana wamkazi kukhala mlowam'malo wake. Atangomwalira, mwana wakeyo, Maria Theresa, wa zaka 23, adapeza kuti malonjezo aja adali apakamwa chabe. Mu Disembala chaka chomwecho Frederick II wa ku Prussia adalowa ndi asilikali m'chigawo cha Silesia, ndipo nkhondo yolimbirana ufumu wa Austria idabuka. Idatha m'chaka cha 1748, itakoka maiko ambiri a ku Ulaya ndi kufalikira mpaka ku India ndi ku North America.

Komabe amene bowawu wawapha kwambiri ndi anthu wamba, makamaka pa nthawi ya njala. Chitsanzo chomvetsa chisoni chidachitika m'chaka cha 1918, Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse ili pafupi kutha. Chakudya chidasowa m'mizinda ya ku Germany, kotero kuti ana ankatumizidwa kumidzi kuti akadyeko bwino. Gulu lina la ana otere lidatumizidwa kudera la kufupi ndi mzinda wa Poznań, umene lero uli m'dziko la Poland. Tsiku lina adawaphikira bowa wozulidwa m'nkhalango yapafupi, ndipo ana 31 adamwalira. Makolo adatumiza ana awo kutali pothawa njala, koma chimene chidawapha ndi chakudya chomwe adapitira.

Kwa zaka mazana ambiri anthu ankadziwa kuti bowawu umapha, koma sankadziwa chimene chimapha. Katswiri wa zomera wa ku France, Sébastien Vaillant, ndiye adayamba kuulongosola m'buku limene lidatuluka m'chaka cha 1727, ndipo dzina lakuti Amanita phalloides lidakhazikitsidwa ndi Heinrich Link m'chaka cha 1833. Chiphe chake chidadziwika mochedwa. M'chaka cha 1937, mumzinda wa Munich, Feodor Lynen ndi Ulrich Wieland adapatula chiphe choyamba chotchedwa phalloidin. M'chaka cha 1941 Heinrich Wieland ndi Rudolf Hallermayer adapatula china chotchedwa amanitin, ndipo pambuyo pake zidadziwika kuti chimenechi ndicho chimapha munthu akadya bowawu.

Kagwiridwe ntchito ka amanitin ndiko kamachititsa kuti bowawu ukhale woopsa koposa. Chiphechi chikalowa m'matumbo chimatengedwa ndi magazi kupita ku chiwindi. Kumeneko chimatsekereza njira imene timaselo ta thupi timapangira mapuloteni, ndipo timaselo ta chiwindi timayamba kufa pang'onopang'ono. Munthu samva kanthu kwa maola 6 mpaka 24. Kenaka amayamba kusanza, kutsekula m'mimba ndi kumva kupotokola koopsa. Patapita tsiku limodzi kapena awiri amaoneka ngati wachira, amadzuka ndi kuyamba kulankhula, ndipo achibale amaganiza kuti zoopsa zapita. Koma nthawi imeneyi ndi imene chiwindi chikuwonongeka kwambiri. Pa tsiku lachitatu kapena lachinayi maso ndi khungu zimasanduka zachikasu, impso zimafooka, mutu umasokonezeka, ndipo wodwala akapanda kuthandizidwa amamwalira pasanathe masabata awiri. Theka la chipewa chimodzi ndi lokwanira kupha munthu wamkulu. Kuphika, kukazinga, kuyanika padzuwa, kapena kutaya madzi oyamba sikuchotsa chiphechi.

Zimene asayansi adapezazi zidagwetsa zikhulupiriro zambiri zakale. Ku Ulaya anthu ankati sipuni yasiliva imada ikaviikidwa mumphika wa bowa wakupha, koma chipewa cha imfa sichidetsa siliva. M'maiko ambiri anthu amati bowa umene wadyedwa ndi nkhono, mphutsi kapena tizilombo tina ndi wabwino, koma nkhono zimadya chipewa cha imfa popanda kuvulala. Ena amayamba apatsako galu kapena mphaka ndi kudikira pang'ono, osadziwa kuti chiphechi chimachedwa kuonekera, kotero kuti pamene chiwetocho chikuyamba kudwala banja lonse limakhala litadya kale. Enanso amati bowa wakupha umawawa kapena uli ndi mtundu wowala, koma bowawu suwawa ndipo maonekedwe ake ndi ofatsa.

Chithandizo cha kuchipatala chidapita patsogolo m'zaka za m'ma 1900. Isanafike 1950, oposa theka la anthu odya bowawu ankamwalira. Kafukufuku wa odwala 205 a ku Ulaya, amene adadwala pakati pa 1971 ndi 1980, adapeza kuti pafupifupi 22 pa 100 alionse adamwalira, koma mwa ana osakwana zaka khumi chiwerengerocho chidaposa 50 pa 100. Masiku ano madokotala amathira madzi ambiri m'mitsempha ya wodwala, amam'mwetsa makala okonzedwa mwapadera kuti agwire chiphe cha m'matumbo, ndipo m'maiko ena amapereka mankhwala otchedwa silibinin. Chiwindi chikawonongekeratu, chotsala ndi kuikamo china, opaleshoni imene idayamba kuyesedwa ndi Thomas Starzl mumzinda wa Denver m'chaka cha 1963. Opaleshoni yotere ndi yodula ndipo imachitika m'zipatala zowerengeka, kotero kuti kufika kuchipatala msanga ndiko kumapulumutsa ambiri.

Gawo lina la mbiriyi ndi la mmene bowawu udayendera kuchoka ku Ulaya. Chipewa cha imfa chimakhala mothandizana ndi mizu ya mitengo: chimapatsa mtengo madzi ndi mchere wa m'nthaka, ndipo mtengowo umachipatsa chakudya. Motero Azungu atanyamula mbande za mitengo ya kwawo kupita kumaiko amene adakakhalako, bowawu udapita nawo uli m'mizu ndi m'dothi. Ku South Africa, kumene Adatchi adayamba kubzala mitengo ya oak m'zaka za m'ma 1600, bowawu umamera pansi pa mitengo yobwera monga oak ndi paini. Ku California udapezeka m'chaka cha 1938 pabwalo la hotela ina ya ku Monterey, ndipo kuchokera apo udafalikira m'nkhalango zachilengedwe za m'mphepete mwa nyanja. Ku Australia udakhazikika m'mizinda ya Canberra ndi Melbourne, pansi pa mitengo ya oak yobzalidwa m'misewu ndi m'mapaki.

Pamene bowa unkayenda, anthunso ankayenda, ndipo kukumana kwa maulendo awiriwa kwabweretsa maliro ambiri. Kum'mwera chakum'mawa kwa Asia anthu amalima ndi kudya bowa wina womera pa mapesi a mpunga, wotchedwa Volvariella volvacea. Ukakhala waung'ono umaoneka ngati dzira, chimodzimodzi chipewa cha imfa, ndipo uli ndi kathumba m'munsi mwa tsinde. Kusiyana kwake n'kwakuti ulibe mphete, ndipo mizere ya kunsi kwa chipewa chake imafiirira ukakula. Anthu a ku Laos, Vietnam ndi Cambodia amene adasamukira ku Amereka nkhondo za kwawo zitatha m'chaka cha 1975 adapeza bowa wofanana ndi wa kwawo, ndipo mabanja angapo adadwala atauphika. Usiku wolowera chaka cha 2012, mumzinda wa Canberra, anthu awiri ochokera ku China adadya chipewa cha imfa ndi kumwalira patapita masiku ochepa, ndipo mmodzi mwa iwo adali wophika waluso. Mu Seputembala 2015 chipatala cha sukulu ya madokotala ya ku Hannover, ku Germany, chidafalitsa zikwangwani zochenjeza m'zilankhulo zingapo, othawa nkhondo ambiri, makamaka a ku Syria, atadwala ndi bowawu. Mu Ogasiti 2021 banja lina lothawa ku Kabul lidazula bowa m'nkhalango ya kufupi ndi malo osungira othawa kwawo, pafupi ndi mzinda wa Warsaw. Anyamata awiri apachibale, wa zaka 5 ndi wa zaka 6, adamwalira kumayambiriro kwa Seputembala, ngakhale kuti mmodzi wa iwo adaikidwa chiwindi china.

Ambiri mwa anthu amenewa sadali mbuli pa nkhani ya bowa. Adakulira m'mabanja amene amazula bowa chaka ndi chaka. Chimene chidawapweteka n'chakuti nzeru yodziwa bowa imamangirika ku nkhalango imene munthu adaiphunzirira. Mfundo imeneyi ikukhudzanso Amalawi. M'nkhalango za miombo ndi misuku mumamera ndelema, bowa woyera wokoma umene ku Zambia amautcha tente, ndipo David Pegler ndi Graham Piearce adaulemba m'chaka cha 1980 pa dzina lakuti Amanita zambiana. Ndelema ndi wa banja limodzi ndi chipewa cha imfa, ndipo nawonso uli ndi mizere yoyera, mphete pa tsinde ndi kathumba m'munsi. Amayi a kumudzi amene adaphunzira kwa amayi awo amausiyanitsa bwino ndi bowa wosadyedwa wa m'dera lawo. Koma Mmalawi amene ali ku Cape Town kapena ku England, akaona bowa woyera pansi pa mtengo wa oak nakumbukira ndelema wa kwawo, ali pa ngozi yomweyo imene idagwera anthu a ku Laos ndi a ku Syria. Ngakhale kumudzi komwe, nkhalango zobzalidwa za mitengo yobwera zimakhala ndi mitundu ya bowa imene makolo sadaidziwe.

Kuyambira nthawi ya Claudius mpaka lero, chipewa cha imfa sichidasinthe maonekedwe ake ngakhale mphamvu ya chiphe chake. Chimene chasintha ndi chidziwitso cha anthu, ndipo mbiriyi yasiya malangizo omveka. Bowa uzulidwe ndi tsinde lake lonse kuti kathumba ka m'munsi kaoneke. Bowa waung'ono umene sudatambasule chipewa, kapena wa malo achilendo, usiyidwe mpaka munthu wodziwa wa m'deralo atauona, pakuti safunsa adadya phula. Bowa umodzi wokayikitsa ukalowa mumphika, ndiwo zonse zitayidwe. Ndipo banja likayamba kusanza patapita maola angapo litadya bowa, onse amene adadyako, odwala ndi osadwala omwe, apite kuchipatala nthawi yomweyo atanyamula zotsala za bowawo, ndipo asafulumire kubwerera kunyumba chifukwa chakuti wodwala wayamba kupezako bwino pa tsiku lachiwiri.