Honda ya Mlangizi: Kumene Inacokera Njinga Imene Mufuna Kuukitsa

Pakhonde la makanika wa njinga zamoto, kaya ku Chipata, Katete kapena Lundazi, simulephera kupeza njinga imodzi yotsamira cipupa, matayala ataphwa, mpando utang'ambika. Nthawi zambiri imakhala ija ya miyendo itali-itali, ya madigadi a kutsogolo okwezeka, imene kale alangizi a zaulimi ndi anchito a zaumoyo anali kuyendera m'midzi. Ife timangoti honda, ngakhale pa thanki palembedwa Yamaha. Masiku ano anyamata ambiri amafuna kugula zotere pa mtengo wotsika kuti aziukitse pang'onopang'ono. Koma musanatulutse ndalama, dziwani kumene mtundu uwu wa njinga unacokera, cifukwa mbiri yake ndiyo imakuuzani cimene mukugula ndiponso kumene matenda ake amayambira.

Njinga yoyenda pa tala ndi m'thengo momwe siinayambire kuno. M'zaka za m'ma 1950 ndi kuciyambi kwa m'ma 1960, munthu wofuna kuyenda m'matope ku Britain kapena m'cipululu ca California anali kutenga njinga ya pamseu, monga Triumph kapena BSA, n'kucotsako zolemera, kukweza paipi ya utsi ndi kuikako matayala a mano. Zinali kuyenda ndithu, koma zinali zolemera, ndipo ikagwa mumcenga kuidzutsa inali nchito ya anthu awiri.

Zinthu zinasintha mu 1968 pamene Yamaha, kampani ya ku Japan imene inayamba ndi kupanga malimba ndi mapiyano, inatulutsa DT-1. Iyi inali njinga ya 250cc, ya pisitoni imodzi, yopepuka, yokhala ndi nyale kuti iziloledwa pamseu, koma yomangidwa kucokera paciyambi kuti izilowa m'thengo. Anaipangira makamaka anthu a ku America, amene anali kufuna kupita kunchito mkati mwa sabata n'kukasewera m'mapiri pa Ciwelu ndi njinga imodzi yomweyo. Inagulidwa kwambiri moti makampani ena a ku Japan anatsatira msanga. Ma DT125 ndi DT175 amene timawadziwa kuno ndi adzukulu ake.

Injini ya DT ndi ya two-stroke. Ilibe mavalavu, ndipo oilo wake amapsera pamodzi ndi petulo, n'cifukwa cake imatulutsa utsi wabuluu. Yamaha inaikamo kapampu kochedwa Autolube, kamene kamatenga oilo m'kathanki kake n'kumuthira m'injini, kuti mwini asamavutike kusakaniza yekha. Injini yotere ili ndi zitsulo zocepa ndipo makanika wa pansi pa mtengo angaimasule m'mawa n'kuibwezera madzulo. Vuto lake n'lakuti kapampuko kakafa mwini osadziwa, pisitoni imauma n'kugwira.

Honda inayankha mu 1972 ndi XL250, ya injini ya four-stroke. Iyi siidya petulo wambiri, siifuka, ndipo oilo wake amakhala pansi pa injini n'kumazungulira. Malamulo oletsa utsi atayamba kulimba ku America kumapeto kwa m'ma 1970, njinga za two-stroke zinayamba kucoka pamseu kumeneko, ndipo four-stroke inatenga malo. Koma nayonso ili ndi pofooka pake. M'ma Honda ang'onoang'ono monga XL125, camshaft imazungulira pa aluminiyamu wa hedi weniweniyo. Oilo akada kapena kucepa, hedi imadyeka, ndipo zikatero mankhwala ake ndi hedi ina basi. A Honda eni ake anaona vutoli. Atayendera maiko osauka anapeza kuti anthu ambiri sasintha oilo pa nthawi yake, motero mu 1975 anatulutsa CG125, ya injini yopirira nkhanza zotere. Injini zambiri za njinga za ku China zimene zadzaza m'misika yathu zinatengera kapangidwe ka CG imeneyi.

Africa ndiyo inachukitsa njinga za mtundu uwu padziko lonse. Pa 26 December 1978 mpikisano woyamba wa Paris-Dakar, umene anakonza Thierry Sabine, unanyamuka ku France kupyola m'cipululu ca Sahara, n'kufika ku Senegal mu January 1979. Wopambana anali mnyamata wa ku France, Cyril Neveu, pa Yamaha XT500, njinga ya pisitoni imodzi imene munthu wamba anali kutha kugula m'sitolo. Anapambananso mu 1980. Caka comweco BMW inatulutsa R80 G/S, zilembo ziwirizo kutanthauza thengo ndi mseu m'Cijeremani, ndipo Hubert Auriol anapambana ndi BMW mu 1981. Kucokera pamenepo anthu a ku Ulaya anayamba kulakalaka njinga zazikulu za maulendo atali.

Koma njinga imene inakhala yathu kwenikweni inadzera njira ina. Mu 1973 Yamaha inatulutsa AG100, yopangidwira alimi a nkhosa ndi ng'ombe a ku Australia ndi New Zealand, ndipo pambuyo pake kunabwera AG200 ya four-stroke. Mlimi safuna liwiro. Amafuna njinga yoyenda pang'onopang'ono kumbuyo kwa ziweto, yonyamula katundu, yosafa ndi fumbi. N'cifukwa cake AG ili ndi makaliya kutsogolo ndi kumbuyo, cheni cotsekeredwa m'bokosi, magiya otsika, ndi mwendo woimikira mbali zonse ziwiri. Zimene zinathandiza mlimi wa ku Australia n'zimenenso anali kufuna mlangizi wopita kukaona munda wa thonje mu January, mitsinje itadzaza. Maboma, mamishoni ndi mabungwe othandiza anazigula zambiri n'kuzitumiza m'maiko a mu Africa, kuphatikizapo Zambia.

Kenaka zambiri zinafa msanga, osati cifukwa ca ukalamba. Kumapeto kwa m'ma 1980, Barry ndi Andrea Coleman a ku Britain, pamodzi ndi katswiri wa mpikisano wa njinga Randy Mamola, anaona kuti njinga zoperekedwa kwa anchito a zaumoyo mu Africa zinali kugona kuseri kwa zipatala zitayenda mtunda wocepa cabe. Cimene cinali kuzipha cinali kanthu kakang'ono: oilo wosasintha, fyuluta ya mpweya yodzaza fumbi, cheni cosathiridwa mafuta, kasipeya kosowa. Iwo anayambitsa bungwe la Riders for Health, limene linayamba kuphunzitsa okwera kuyang'ana njinga tsiku lililonse asananyamuke ndi kusintha zitsulo zisanathyoke. Linagwira nchito ku Lesotho, Zimbabwe, Gambia, ndiponso kuno ku Zambia.

Apa ndiye pali phunziro la wogula. Njinga yotsamira cipupa ija ingakhale imodzi mwa ziwiri. Ina inaimikidwa ikali yolimba cifukwa ca kanthu ka ndalama zocepa kamene panalibe wokagula. Ina inayendetsedwa popanda oilo mpaka mkati monse munatha. Kunja zimaoneka cimodzimodzi, ndipo penti sakuuzani kanthu.

Motero yambani ndi kiki. Ipondeni pang'onopang'ono: ngati ikulimba penapake, pisitoni ikali kugwira mpweya, koma ikangotsika ngati mwaponda phala, kapena ikakana kusuntha, konzekerani kutsegula injini. Ngati ndi DT kapena AG100, funsani ngati kapampu ka oilo kakali kugwira, kapena eni ake anakacotsa n'kumasakaniza m'thanki, ndipo anali kuthira woculuka bwanji. Ngati ndi XL, pemphani makanika atsegule pamwamba muone camshaft ndi pamene imagona. Tsegulani bokosi la fyuluta: mukapeza mulibe kanthu, dziwani kuti injiniyo yamwa fumbi la zilimwe zambiri. Suzumirani m'thanki ndi tochi muone dzimbiri. Yang'anani fulemu pakhosi ndi pansi pa kaliya wa kumbuyo, pamene matumba a fetereza anali kukhala, ngati panaocheledwapo. Matayala, cheni, masipoko ndi mawaya a mabuleki musade nazo nkhawa, zimenezo zimagulidwa. Fulemu yopindika ndi hedi yodyeka ndizo zimadya ndalama kuposa mtengo wa njinga yonse.

Musaiwale mapepala. Zambiri mwa njinga izi zinali za boma kapena za mabungwe, ndipo zina zinatuluka pa okushoni, zina zinangotuluka. Nambala ya pa fulemu ndi ya pa injini zigwirizane ndi za mu white book, ndipo pakhale kalata yoonetsa mmene wogulitsayo anaipezera, kuti ku RTSA mukasinthe dzina popanda mlandu. Kuononga miyezi isanu ndi umodzi pa njinga imene apolisi adzakulandani pa lodibuloko n'kulimira mnzanu munda.

Mwina wina angafunse kuti, bwanji osangogula Boxer kapena TVS yatsopano? Ngati mufuna yonyamulira anthu mawa lomwe, gulani yatsopanoyo, masipeya ake ali paliponse. Koma DT, XL ndi AG zinapangidwa m'nthawi imene opanga anali kuyembekezera kuti mwini adzakonza yekha, kutali ndi tauni, ndi masipanala ocepa a m'kathumba ka pansi pa mpando. Zilibe kompyuta, ndipo kabyuleta yake imatsukidwa pa mbale. Mukapeza ya fulemu yowongoka, injini yosadyeka ndi mapepala oona, yatsala n'kupirira kwanu cabe. Mukaiukitsa, muzisintha oilo pa nthawi yake ndi kutsuka fyuluta, zinthu ziwiri zimene eni ake oyamba analephera.