Njira ya MoSCoW: kusankha zoyamba popanga pulogalamu ya kompyuta

MoSCoW ndi njira imene opanga mapulogalamu a kompyuta ndi a m'mafoni amagwiritsa ntchito posankha zoyamba kupanga nthawi ndi ndalama zikachepa. Anaiyambitsa Dai Clegg mu 1994 akugwira ntchito ku kampani ya Oracle. Dzinali silikukhudzana ndi mzinda wa ku Russia, langochokera ku zilembo zoyambirira za mawu anayi a Chingerezi: Must, Should, Could ndi Won't.

Njirayi inafala limodzi ndi kagwiridwe ka ntchito kotchedwa agile, kamene akatswiri 17 analemba mfundo zake mu Febuluwale 2001 ku Snowbird, m'chigawo cha Utah ku America. Pa kagwiridwe aka pulogalamu siipangidwa yonse kamodzi. Imatuluka pang'onopang'ono, kawirikawiri pakatha sabata ziwiri mpaka zinayi, ndipo eni ake amaiyesa n'kunena zosintha.

Zofunika zonse zimaikidwa m'magulu anayi. Loyamba ndi la zinthu zoti zikasowa pulogalamuyo ilibe ntchito. Lachiwiri ndi la zofunika kwambiri koma zoti anthu angathe kudikira. Lachitatu ndi la zongokometsera, ndipo lachinayi ndi la zimene onse agwirizana kuti ulendo uno zisapangidwe. Malamulo a DSDM, amene anatengera njirayi, amalangiza kuti gulu loyamba lisapitirire magawo 60 pa 100 a ntchito yonse, kuti zinthu zikavuta pakhale zochotsa.

Mwachitsanzo, bungwe la alimi a mbatata ya kachewere a ku Fonte Boa litafuna pulogalamu yolembera zokolola, kulemba dzina la mlimi, matumba amene wabweretsa ndi ndalama zimene ayenera kulandira kungakhale m'gulu loyamba. Momwemonso kugwira ntchito popanda intaneti, chifukwa m'midzi ina ya ku Tsangano ndi Angónia netiweki imabwera ndi kupita. Kutumiza mitengo ya pamsika wa Ulónguè pa meseji kungadikire. Zithunzi za minda n'zokometsera chabe.

Povuta ndi pa gulu lachinayi. Pamsonkhano aliyense amati chofuna chake ndicho chachikulu, ndipo mawu a mkulu kapena wopereka ndalama ndi amene amalemera kuposa a mlimi amene adzagwire foniyo. Zonse zikaikidwa m'gulu loyamba ndiye kuti sipanasankhidwe kanthu. Funso lothandiza ndi ili: chinthuchi chitasowa tsiku loyamba, kodi ntchito ingaime?

M-Pesa, imene Vodacom inabweretsa ku Mozambique mu 2013, ili ndi mbiri yoonetsa phindu la kusiya zina. Poiyesa ku Kenya mu 2005, cholinga chinali choti anthu azibwezera ngongole zazing'ono ku bungwe la Faulu kudzera pafoni. Oyang'anira ntchitoyo, Nick Hughes ndi Susie Lonie, anaona kuti anthu ayamba kutumizirana okha ndalama. Pamene Safaricom inkaitsegulira anthu onse mu Malichi 2007, za ngongole zija zinali zitaikidwa pambali. Zimene zinatsala ndi kuika ndi kutapa ndalama kwa wothandizira, kutumizira wachibale ndalama ndi kugula mayunitsi. Zina, monga kulipira magetsi ndi madzi, zinawonjezeredwa pambuyo pake.