Kodi tsoka lingalande munthu moyo wabwino? Mkangano wa Agiriki akale

Mawu akuti aretē, omwe lero timati ukoma kapena khalidwe labwino, poyamba sankanena kwenikweni za mtima. M'ndakatulo za Homer, aretē ya hatchi inali liwiro, ya msilikali ngati Achilles inali mphamvu pankhondo, ndipo inkayenda ndi magazi achifumu. Zinthu zinatembenuka ku Athens m'zaka za m'ma 400 BC, nzika wamba zitayamba kuyankhula pabwalo. Aphunzitsi oyendayenda monga Protagoras ankati aretē imaphunzitsika, bola ulipire. Socrates, amene anamwetsedwa poizoni mu 399 BC, anailowetsa m'kati mwa munthu: ukoma ndi kudziwa, ndipo wochita zoipa walakwa chifukwa cha umbuli basi.

Aristotle (384–322 BC) anaona kuti kudziwa kokha sikukwana. Chidakwa chimadziwa bwino lomwe kuti mowa ukuchipha. M'buku la Nicomachean Ethics anati khalidwe limadza ndi kuzolowera, monga mmisiri amaphunzira kumanga pomanga. Kulimba mtima kuli pakati pa mantha ndi kudziponya pangozi mosaganiza. Cholinga cha ukoma ndi eudaimonia, moyo woyenda bwino mpaka kumanda. Koma anavomera chinthu chowawa: moyo wotere umafunanso abwenzi, thanzi ndi kachuma. Priam, mfumu ya ku Troy imene inaona ana ake akuphedwa ili yokalamba, sitinganene kuti inafa yodala, ngakhale ikhale yolungama chotani.

Apa wina angatsutse kuti Aristotle wangobwezera moyo wabwino kwa olemera, ndipo mlanduwu ndi wolemera ndithu, poti iye ankaikiranso kumbuyo ukapolo. Asitoiki, omwe Zeno wa ku Citium anawayambitsa cha m'ma 300 BC pakhonde lina la pamsika wa Athens, anayankha kuti ukoma pawokha ndi wokwanira; chuma, matenda ndi imfa sizipindulitsa kapena kuwononga munthu weniweniyo. Chiphunzitsochi chinatsegulira khomo Epictetus, kapolo wolumala mwendo amene anadzakhala mphunzitsi. Komabe ndikuona kuti Aristotle ananena zoona kuposa iwo. Kuti atchinjirize munthu ku tsoka, Asitoiki anayenera kunena kuti zimene tsoka limalanda si zabwino zenizeni. N'chifukwa chake Epictetus ankalangiza bambo kuti popsompsona mwana wake azidzikumbutsa kuti mwanayo angafe mawa. Priam akanamvera malangizowa, sakanapita usiku kumsasa wa Achilles kukapempha mtembo wa mwana wake Hector.