Chiganizo Chopanda Mapeto

Funso la akatswiri

Mbuzi ikasowa, mwini wake amaifotokoza: ndi yaikazi, yakuda, ya banga loyera pamphumi, khutu lakumanzere n'lodula. Amaonjezera zizindikiro mpaka m'mudzi musapezekenso mbuzi ina yofanana nayo. Akatswiri a masamu nawonso amafuna kufotokoza gulu la nambala, pamodzi ndi malamulo ake monga kuphatikiza ndi kuchulukitsa, kuti lisasokonezeke ndi lina. Akatero amafunsa kuti: kodi pafunika mawu ovuta motani? Yankho lake ndilo muyeso wa kuvuta kwa gululo.

Pamene mawu anaperewera

Tonse timadziwa kuwerenga 0, 1, 2, 3 n'kumapitirira. Munthu angaganize kuti kufotokoza nambala zimenezi n'kosavuta. Koma mu 1934 Thoralf Skolem wa ku Norway anaonetsa kuti, m'chiyankhulo chimene akatswiri ankagwiritsa ntchito, sizitheka. Chiganizo chilichonse m'chiyankhulocho chili ndi poyambira ndi pothera. Ngakhale mulembe ziganizo zochuluka bwanji, padzapezekabe gulu lina lomvera zonsezo, koma lokhala ndi nambala zachilendo zimene simungazifike powerenga kuchokera pa 0.

Mayi Carol Karp

Carol Karp anabadwa mu 1926 ku Michigan, m'dziko la America. Digiri yake ya udokotala wa masamu anaitenga mu 1959, ndipo ankaphunzitsa pa yunivesite ya Maryland. Ena anali ataganizapo kale zolola chiganizo kuti chisathe, koma iye ndiye anaika nkhaniyi m'dongosolo, m'buku lake la mu 1964.

Taonani chiganizo ichi: nambala iliyonse ndi 0, kapena 1, kapena 2, kapena 3, kapena 4, osalekeza. Palibe angachilembe chonse papepala, komabe tanthauzo lake likumveka. Ndipo nambala zachilendo zija zatsekeredwa kunja, chifukwa palibe pamene zatchulidwa. Nzeru imeneyi ndi yokoma, ndipo mwana wa sukulu angaimve.

Zimene Dana Scott anapeza

Dana Scott anabadwa mu 1932 ku Berkeley, ku California. Mu 1965 anatsimikiza chinthu chachikulu. Tengani gulu lililonse limene zinthu zake zingaikidwe pamzere, choyamba, chachiwiri, chachitatu, ngakhale mzerewo usathe. Gulu lotero lili ndi chiganizo chimodzi chosatha cholifotokoza ndendende. Gulu lina la mtundu womwewo likamvera chiganizocho, ndiye kuti ndi lomwelo, langosintha maina. Mpaka lero chiganizochi chimadziwika ndi dzina la Scott.

Kayezedwe kake

Chiganizo chosatha sitingachiyeze ndi kutalika. Akatswiri amawerenga kuti chasinthana kangati pakati pa mawu awiri: “chilichonse” ndi “chilipo”.

Tione nambala zamagawo monga 1/2 ndi 3/4, titazisanja kuyambira zazing'ono. Pa nambala ziwiri zilizonse zosiyana, ilipo ina pakati pake. Pakati pa 1/2 ndi 3/4 pali 5/8. Apa tayamba ndi “zilizonse”, tafika pa “ilipo”: tasintha kamodzi kokha. Tikaonjezera kuti palibe nambala yoyamba kapena yomaliza, tamaliza kufotokoza. Izi anazionetsa Georg Cantor wa ku Germany mu 1895. Choncho gululi, ngakhale likuoneka lopiringizika, n'losavuta pa muyesowu.

Magulu ena amafuna kusintha kangapo: chilichonse chili ndi china, chimene kwa chilichonse chilipo chinanso, n'kumapita. Ena amafuna kusintha kosawerengeka. Amenewo ndiwo ovuta zedi.

Poyamba akatswiri ankayeza mosiyanasiyana, ndipo mayankho ankasiyana pang'ono. Mu 2015 Antonio Montalbán anapereka muyeso umene ambiri akuutsata tsopano. Julia Knight wa ku yunivesite ya Notre Dame ndi ophunzira ake afufuza ziganizo zosavuta kwambiri za magulu ambiri odziwika.

Mphoto ya Karp

Carol Karp anamwalira ndi khansa mu 1972 ali ndi zaka 46, ntchito idakali m'manja. Dzina lake liyenera kudziwika kuposa mmene likudziwikira. Mu 1973 bungwe la Association for Symbolic Logic linakhazikitsa mphoto ya dzina lake, ndipo imaperekedwa zaka zisanu zilizonse.